Kalembera Pakhomo pa Atelala

"Apite kwawo! Ndati apite kwawo! Munthu aliyense ali ndi kwawo, ngakhale khoswe ali ndi una wake!"

Awo anali Atelala, mkamwini wanga, atakweza jekete la mwiniwake m'mwamba ngati mbendera. Pamsana pa jeketelo simbi inali itadinda chidindo chake chonse, bii, mpaka nsonga yomwe. Jekete la ukwati, abale.

Ine ndinali pampando wanga m'kanjira ka pakati pa shopu ndi khitchini. Miyendo inandikana kalekale, ndiye mwana wanga ananditenga kudzakhala kuno kubanja kwake. Koma makutu Mulungu anandisungira, ndipo pampando pamenepa palibe mawu amene amadutsa osandipatsa moni.

"Kwawo kuti, bambo a Loya?" anafunsa mwana wanga, mawu ali pansipansi.

"Kumene anachokera! Kodi anagwa kumwamba ngati matalala?"

Amene ankanenedwawo anali atagwada pansi pa tebulo lodulira nsalu, akupapasa tizidutswa ta ulusi ndi manja. Timawatcha Atsikana. Musanamizike ndi dzinalo, mutu wonse ndi imvi mbuu. Anabwera m'nyumba muno Atelala asanamere mano, n'kuwabereka kumsana, n'kuwachapira matewera. Makolo a Atelala atamwalira, iwo anatsala limodzi ndi makina ndi matebulo, ngati katundu wa m'nyumba. Kuphika ndi iwo, kuchapa ndi iwo, kusita ndi kusokerera mabatani ndi iwo. Amagona kachipinda ka kuseri, kamene windo lake silikula kuposa mbale. Tsopano ng'ala yawakuta m'maso, manja akunjenjemera, basi asanduka khoswe.

"Chipinda chija ndikuchifuna," anatero Atelala. "Ndiikamo makina awiri. Pano si pachipatala."

"Apongozi," ndinatero ine, "ndimu mukalifinya mpaka kuuma, mumalibwezera kumtengo?"

"Amayi, inu za m'nyumba muno zisakukhudzeni."

"Sizikundikhudza, zikungondidutsa pamphuno."

Pamenepo analowa Loya, mdzukulu wanga, chikwama chili paphewa. Si loya wa kukhoti ayi, dzinalo tinamupatsa akadali kamwana chifukwa cha mafunso. Chiyambire wailesi kulengeza kuti kalembera akubweranso, mtsikanayu anagwidwa ndi matenda ofuna kudziwa makolo. Anagula chipepala chachikulu ngati chitseko n'kujambulapo mtengo, nthambi iliyonse munthu wake. Ankapitanso ku ofesi ina kumene amasunga mapepala a kalembera wakalekale. Bambo ake ankamuseka kuti akufukula akufa. Koma tsiku limeneli mawu awo anasanduka uchi.

"Loya mwana wanga, mapepala akowo amalemba kumene munthu anabadwira?"

"Amalemba, adadi."

"Ndiye ukandipezere kwawo kwa Atsikana. Mwina ali ndi abale akuwalira."

Loya anayang'ana jekete, n'kuyang'ana Atsikana pansi paja. "Ndikapeza abale awo, mukufuna muwatani?"

"Iwe kapeze basi."

Ine ndinangoti, "Walira mvula walira matope." M'nyumba muno mawu anga amawamva mochedwa, ngati bingu.

Panapita masiku, Loya anabwera ndi pepala lake lojambulitsa. Tinasonkhana m'shopu, ine atandikokera pakhomo ndi mpando womwe. Ine sukulu sindinaiponde, zolemba ndimangoziona ngati nyerere zafera papepala, choncho ndikuuzani zimene anawerenga iyeyo.

"Mutu wa banja, agogo aamuna, ntchito yawo telala. Akazi awo. Mwana wamwamuna wa zaka zisanu, ameneyo ndinu adadi. Ndiye pali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ubale wake ndi mutu wa banja, alemba kuti wantchito."

Atelala anamenya tebulo mpaka mapini anadumpha. "Mwamva? Boma lanena! Wantchito! Nanga kwawo?"

"Pamenepo sanalembepo kanthu."

"Ayi, ufufuzenso. Koma zoti ndi wantchito zatsimikizika. Ine ndawasunga mwa chifundo chabe."

"Bomalo linagonako m'nyumba muno?" ndinafunsa ine. "Kapena linaima pakhomo n'kulemba zimene lauzidwa?"

"Amayi," anandidzudzula mwana wanga, "mankhwala anu mwamwa?"

Mwana ameneyu ndinabala ndekha, koma ndikuuzeni zoona, chikwatiwire sadziwa kuti sopo amalowa bwanji m'mabala a m'manja. Wamuchapira ndani? Ndiye nkhani ya Atsikana ikayamba, iye amayamba kuona mankhwala anga.

Atelala anagamula kuti kwawo kupezeke kusapezeke, makina akangofika Atsikana atuluke. A kutchalitchi akawapezera pogona. Paja mkamwini wanga ndi mkulu wa mpingo, Lamulungu amakhala kutsogolo, tayi ali pakhosi.

Loya sanatsutse. Iye ankhondo ake ndi mafunso. Anati mapepala okha sadzaza mtengo, akufunanso zimene bambo ake amakumbukira. Masana ena anaika foni yake pamwamba pa makina kuti izijambula mawu. M'shopu munali kasitomala, bambo wina wamimba, akumuyeza thalauza. Tsono Atelala akaona anthu omvetsera, pakamwa pamayabwa. Amatha kukuyezani chiuno katatu chifukwa chofuna kumaliza nkhani.

Anayamba ndi bambo awo, mmene ankadulira suti osayeza. Anapitiriza ndi mayi awo, mmene ankaopedwera msewu wonse. Amatha kutsanzira mawu a anthu munthu uja, mpaka kasitomala anagwira mimba ndi kuseka.

"Nanga tsiku la kalembera uja mukulikumbukira, adadi? Munali wamng'ono."

"Ine? Kuiwala? Limenelo ndiye tsiku limene msewu uno unadziwa kuti m'nyumba muno mwabadwa mutu! Kwezani manja, bwana. Anabwera bambo wina wamtali, chibuku chili m'khwapa, choko chili kukhutu. Anakhala pa situlu yomweyo wakhalapo iweyo. Ine ndili pansi pa tebulo ili, ndikusewera ndi mabatani. Ndiye akufunsa, ana muli nawo angati? Bambo akuti, mmodzi. Ine tulukiru! Ndikuti, bambo inu simudziwa kuwerenga. Ine wani, achemwali thuu! Zaka zisanu, bwana, sukulu ndisanayambe!"

Kasitomala anaseka. "Munali katswiri!"

"Wa kalembera uja anaseka mpaka anandipatsa kachidutswa ka choko. Koma atangotuluka, iii! Mayi anatola lula yachitsulo ija n'kundigenda. Mukuona chipsera ichi pachikope?"

"Si munkati munagwa panjinga?" anatero Loya.

"Njinga ndi bondo ili. Ichi ndi cha lula. Magazi chuu! Bambo akuthamanga ndi kansalu, mayi ali pakhomo apo, manja m'chiuno." Apa Atelala anaika manja m'chiuno, tepi ili lende pakhosi, n'kupyapyalitsa mawu ngati mayi awo. "Ndinakuuzani ine! Ndinakuuzani kuti mwana wanu wam'tchireyu adzatichititsa manyazi! Munamutengera m'nyumba mwanga kuti..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa. Mawu anali atatuluka kale, akuyendayenda m'shopu. Kasitomala anatsala manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Kukhitchini, supuni imene Atsikana ankatakasira tiyi inasiya kulira.

Abale, ndakhala zaka zambiri, ndaonerera ndewu za pamaliro ndi za paukwati, koma sindinaonepo munthu akudzitchera msampha yekha, n'kuikapo nyambo yekha, n'kulowamo akuseka.

"Mwana wa ndani, adadi?"

"Zimitsa chinthucho."

"Agogo anati mwana wanu. Ankauza ndani?"

"Ndati zimitsa! Ufufute!"

Kasitomala anati akumbukira kuti wasiya madzi akutayika kunyumba. Anatuluka thalauza losoka theka lili m'manja.

"Ndiye kuti Atsikana ndi azakhali anga."

"Mwana aliyense amatcha womulera kuti achemwali!"

"Nanga lula anakugenderani chiyani?"

"Ndinali mwana! Mwana wa zaka zisanu adziwa chiyani?"

"Mwanena nokha kuti munali mutu. Nanga mutakula? Mutakwatira? Mmene munkaika maliro a agogo, iwo akutsuka mbale za anthu kuseri, simunkadziwa?"

Mwana wanga analowerera. "Loya, bambo ako sulankhula nawo choncho. Zakale ndi zakale."

"Amayi, inunso munkadziwa?" Loya anafunsa amake.

"Ine ndinawapeza ali Atsikana, ndinawasiya ali Atsikana."

"Unawasiya liti?" ndinatero ine. "M'mawa uno akuchapira zamkati."

"Amayi!"

"Chibale ndi fupa, sichiola. Mwalikwirira pansi pa makina, lero galu wanu yemwe walifukula."

"Mukunditcha galu m'nyumba mwanga?" anakuwa Atelala.

"Ine ndatchula fupa. Galuyo mwamutola nokha."

Tsiku limenelo ndinadya mochedwa, koma chakudya chinakoma.

M'mawa mwake Loya anapita kuchipinda cha kuseri. Khoma lake ndi lomwe ndimatsamira ine, ndipo ndi la njerwa imodzi.

"Azakhali," anayamba motero.

"Usanditche choncho, angamve."

"Ndiye mumadziwa?"

"Munthu angaiwale bambo ake? Mayi anga atamwalira anadzanditenga okha. Panjira anandigulira nsapato zofiira. Tili pafupi kufika anandiimika n'kunena kuti, mwana wanga, m'nyumba umu muli moto. Uzinditcha bwana. Ukapirira, zidzakhala bwino."

"Ndiye simunawatchulenso bambo?"

"Ndikawapititsira tiyi m'shopu, akakhala okha. Ndinkati, tiyi bambo. Iwo ankati, zikomo mwana wanga, osatukula mutu pamakina. Basi. Tsiku lililonse ndinkadikira tiyi ameneyo."

Kenako ndinamva chipepala chija chikufunyululidwa.

"Ndakulembani apa. Bweretsani chala. Nthambi iyi ndi adadi, iyi ndi inuyo. Zatuluka pathunthu limodzi. A kalembera akabwera mudzanene zoona, alembe bwino ulendo uno."

"Iwe mwana, pepala ndingafunde? Ine maso atha. M'nyumba muno ndimayenda ndi mapazi okha, amadziwa pali sitepe, pali mpopi, pali msomali. Kunja kwa geti uko ndine wakufa. Wandiyambitsira moto, ndipo wopsa ndine."

"Koma ndi nyumba ya bambo anu!"

"Ndi chifukwa chake ndikufuna kuferamo."

Loya anatuluka akupukuta m'maso. Ndinamuitana. "Mdzukulu, zoona zili ngati tsabola. Wothira ndi wina, wotsokomola ndi wina." Anandiyang'ana ngati ndamulanda ndalama. Chipepala chake anachikhoma pakhoma moyang'anana ndi mpando wanga, kuti aliyense wodutsa azichiona.

Sabata imeneyo m'nyumba munali ngati mwagona njoka. Atelala ankadutsa chammbali, nkhope kuyang'ana kwina, ngati chipepalacho chiwalavulira. Kasitomala wamimba uja naye sanasunge pakamwa. Azimayi a kutchalitchi anayamba kubwera ndi timabatani tosafunika kusoka, maso ali kukhitchini. Wina mpaka anapereka moni kwa Atsikana atagwada. Makina awiri aja anafika, n'kuima m'kanjira ali m'makatoni, pafupi ndi mapazi anga, ngati mabokosi a maliro odikira eni ake.

Tsiku limene a kalembera anafika mumsewu wathu, Loya anatumidwa kukagula buledi. Atangotuluka geti, ndinaona zachilendo. Atelala anawerama n'kulowa m'chipinda cha kuseri. Chibwerere ine kuno sindinawaonepo akupondamo. Ndinakanikiza khutu kukhoma.

"Atsikana, a kalembera afika kwa aneba."

"Ndamva, bwana."

"Ine sindine munthu woipa. Makina aja nditha kuwaika pakhonde, ndimange kadenga. Chipinda chikhale chanu mpaka Mulungu adzakuitaneni. Za jekete ndaiwala."

"Zikomo, bwana."

"Koma mukatsata za Loya, ndiye kuti nyumba ino ndi ya anthu awiri. Ine sindingakhale mumsewu umene aliyense akundiloza chala kuti anasandutsa mlongo wake kapolo. Ndiigulitsa. Mudzatenga gawo lanu, ine langa, aliyense aone msana wa njira. Ndiye tidzaone amene adzakugwireni dzanja kukuperekezani kuchimbudzi. Loya? Loya mawa akwatiwa."

Kenako ndinamva Atsikana akuti, "Chipsera chija ndinakutsukani ndine. Munalira mpaka kugona pamsana panga."

"Ndikudziwa."

"Chabwino."

Atelala potuluka anandipeza ndikuwayang'ana. "Amayi, khoma mulisiye, lingakugwereni."

"Likagwa lidzanena zambiri," ndinatero.

Wa kalembera anali mtsikana wowonda, atavala chijekete chowala chopanda manja, m'manja muli chifoni chachikulu ngati thireyi. Nkhope yake inkaoneka kuti walowa makomo ambiri ndipo agalu amuthamangitsa kokwanira. Anakhala pa situlu ija. Tonse tinali m'shopu, Loya buledi ali m'manja. Atsikana anaima pakhomo la kukhitchini.

"Mutu wa banja ndani?"

"Ndine," anatero Atelala, atavala tayi pakati pa sabata.

Anatchula akazi awo. Anatchula Loya. Kenako mtsikanayo anandiloza ndi chibwano. "Agogowa?"

"Amenewo ndi mlendo."

"Mlendo?" ndinakuwa. "Mlendo ndi mame, apongozi. Mame ake ati amene akhala pampando umodzi mpaka kuuboola? Lembani kuti ndine mayi wa mkazi wawo, ndipo mulembenso kuti tiyi amandipatsa wopanda mkaka."

Mtsikanayo anamwetulira pang'ono n'kudina chifoni chake. "Nanga amayi aima apowo, ndi ndani kwa inu?"

Atelala anakonza tayi. "Wantchito."

"Ndi azakhali anga," anatero Loya. "Mlongo wawo wa bambo angawa. Bambo mmodzi. Ndili ndi mawu awo mufoni, mukafuna ndikutsegulireni."

"Loya, khala chete!" anatero amake.

"Sindikhala chete! Analembedwa bodza ali mwana, alembedwenso bodza ali ndi imvi?"

Wa kalembera anapumira m'mwamba. "Pepani, ine milandu sindiweruza, ndatsala ndi msewu wonse. Pano pamalowa yankho limodzi. Mayi, poti muli pompano, nenani nokha. Bambowa ndi ndani wanu?"

Tonse tinatembenuka. Atsikana anapukuta manja pa epuloni, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale anali ouma. Maso awo oyerawo anayang'ana kumene kunali mawu a Atelala. Ndinati mumtima, nenani mayi, nenani kamodzi kokha, nyumba igwe tonse tione.

"Ndi abwana anga," anatero. "Ndine wantchito, mwana wanga. Lemba choncho."

Buledi anagwa pansi.

"Azakhali!"

"Sabata yathayi mwagwirako ntchito?" anapitiriza wa kalembera, maso ali pachifoni.

"Palibe tsiku limene sindinagwire."

"Muli ndi ana?"

"Ndinalera mmodzi. Anakula."

Atelala anayang'ana pansi, chala chikusisita chikope. Mtsikanayo anamaliza mafunso ake a zimbudzi ndi magetsi, n'kumata kapepala pachitseko, n'kupita kwa aneba. Palibe anamuperekeza.

"Mwawaopseza," anatero Loya. "Mwandituma buledi kuti muwaopseze."

"Wamva wekha. Anena okha, pamaso pa boma."

"Azakhali, chifukwa chiyani? Ine ndikanakusungani!"

Atsikana anawerama, n'kupapasa pansi mpaka anapeza buledi uja, n'kumupukuta fumbi.

"Ukanandisunga kuti? Uli ndi khomo iwe? Unafuna nthambi ya mtengo wako, waipeza. Ine ndisiyire chipinda changa."

Anatembenuka n'kulowa kukhitchini, dzanja likutsata khoma.

Ine sindikanatha kungokhala. Ndinauza mwana wanga kuti akondwere, wapezanso womuchapira mpaka imfa. Ndinauza Atelala kuti Lamulungu akamapemphera azitsinzina kwambiri, mwina Mulungu sawaona. Zina zimene ndinanena sindingazibwereze, pali ana.

Makina ali pakhonde tsopano, pansi pa kadenga ka malata. Chipinda cha kuseri chili ndi mwini wake. Chipepala cha Loya chikadali pakhoma, Atelala anapachikapo kalendala koma ndi yaing'ono, nthambi zikutulukira m'mbali. M'mawa Atsikana akamapukuta fumbi, kansalu kamadutsa pena paliponse, koma pamene Loya anawagwiritsa chala paja amapalambalala.

Loya salankhula ndi bambo ake. Akafuna kuwauza kanthu amauza ine, ine n'kuwonjezera mchere. Atsikana salankhula ndi Loya, amangomuikira chakudya n'kuchoka, mwana n'kumadya akulira. Mwana wanga salankhula nane chifukwa cha za kuchapa zija, mankhwala amangondiikira pamwendo. Atelala nane ndiye kale, paja ndine mlendo.

M'nyumba yonseyi amene akulankhulana ndi awiri okha. Dzuwa likapendeka ndimamva mapazi akukhwekhwereza kudutsa pampando wanga, kapu ikulira pa sosala, mpaka pakhomo la shopu.

"Tiyi, bwana."

"Ikani pompo."